Mwaye pa Diresi la Monalisa

Rosettenville, Joni
8 Juni 2003

Amama,

Rahab. Ndayamba ndi dzina lake ndisanakupatseni moni, ndipo sindinaikepo "a" kutsogolo, pakuti ulemuwo wautaya yekha. Rahab mwana wa ankhazi, mlongo wawo wa adada, yemwe uja munamusunga m'nyumba mwanu pa Bolero zaka zake zonse za ku pulayimale, akudya nafe mbale imodzi, ndiye wandiipitsira dzina.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka nyengo ino. Ndikhulupirira miyendo yanu yapepukako, ndipo mng'ono wanga Isabella akupita kusukulu osati kumsika.

Mwina nkhaniyi yakufikani kale yokazinga, ndiye imvani yaiwisi. Kuno kukuzizira, osati kuzizira kwa ku Katowo kumene timadandaula nako kuja. Kuno madzi amaundana m'beseni. Mwini nyumba analetsa hita ya magetsi, akuti imamudyera mita. Ndiye m'chipinda chathu chimodzichi, momwe tikukhala ine, Rahab, alamu a Overton ndi khanda lawo Watipaso, timayatsa hita ya palafini. Ndi chitini chachitali ngati ndowa, pansi pake thanki, pakati chingwe chozungulira chokoka mafuta monga cha nyale, pamwamba kachitsulo kobowokabowoka kamene kamafiira kakatentha.

Diresi la ukwati la Monalisa, mng'ono wake wa Rahab, limene Rahabyo anagula kuti alitumize kumudzi, linapachikidwa pa msomali kukhoma. Linabwera m'pepala la pulasitiki, koma Rahab anachotsa pepalalo kuti aliyense wobwera kudzamwa tiyi azilisirira n'kufunsa mtengo. Lachinayi ine sindipita kwa adona, ndimatsala ndi mwana. Lachinayi lina mwezi wathawu manja a mwana anazizira ngati miyala ya mumtsinje, ndinayatsa hita. Rahab pobwera anatengera diresi pazenera, n'kupeza mapewa ndi leisi yonse zili mbuu ngati phulusa. Mwayewo sunagwe tsiku limodzi, Amama. Siling'i yonse ndi yakuda, ndipo m'mawa tikamina timatulutsa zakuda tonse. Koma tsiku limenelo woyatsa ndinali ine.

Akanangondikalipira ndikanameza. Koma iye anakayimbira ankhazi pa telefoni ya pa sitolo ya pa Bolero, pomwe aliyense wogula sopo amatchera khutu, kunena kuti ndinakweza chingwe dala, ndinafukiza diresi chifukwa cha nsanje, poti Monalisa akukwatiwa ndi Arthur. Arthur yemwe ndinamukana ndekha tili Folomu 3 chifukwa makalata ake ankakopera m'buku la nyimbo. Ndamva zimenezi kwa a Hezron, otinyamulira katunduwa, amene anali pa sitolopo ankhazi akubwereza mawu onse mokweza.

Ndawapatsira a Hezron bulangete lanu ndi R200. Gulani chimanga panopa chisanakwere, ndipo mbuzi ya mawanga ija musagulitse ngakhale a Elias ogula ziweto aja akunyengerereni bwanji. Mundilembere zimene azimayi a Umanyano, gulu lanu la mapemphero lija, akunena kutchalitchi. Musandibisire.

Mwana wanu,
Kezia

29 Juni 2003

Amama okondedwa,

Kalata yanu ndalandira. Ndathokoza kuti muli bwino ndi kuti bulangete lakukwanani. Ine ndilipo.

Mwalemba mizere yambiri za nkhuku, koma za Umanyano mzere umodzi wokha: "Nditalowa anasiya kulankhula." Mzere umenewo ndauwerenga mpaka pepala lafewa. Adada atamwalira, abale awo ankadikira kuti mulongedze mubwerere kwanu ku Ntcheu. Munakhala. Munalankhula Chitumbuka chothyokathyoka mpaka chinawongoka, mwaika maliro awo onse, mwaphika pa maukwati awo onse. Lero mukalowa m'tchalitchi anthu azikodolana chifukwa cha ine?

Ndiye ndaganiza kuti hitayi iyankhe yokha mlandu. Rahab akuti ndinakweza chingwe. Chabwino. Ndinatsitsa chingwe mpaka lawi kutsala pang'ono kuzima, utsi unalipobe. Ndinaizimitsa, itazizira ndinachotsa kachitsulo kapamwamba, ndinapeza mutu wa chingwe wauma gwa, wakuda ngati khala. Ndinapala ndi mpeni, ndinadula ndi sizasi kuti pafanane ponseponse. Timabowo ta kachitsulo ndinatsuka ndi mswachi wakale, n'kukakhazika bwino kuti kasapendeke. Pansi pa chipindachi m'potsetsereka, ndinaikapo katoni kuti hita iime chilili. Ndinayatsa. Lawi lachikasu lomwe lija, likuvina, nsonga zake zikulavula utsi. Hita yabwino lawi lake limakhala la buluu, lalifupi, lodekha, ndinaiona kwa mayi wa ku Mzimba wa chipinda chachiwiri.

Rahab anali pabedi akuyamwitsa, diso lili pa ine.

"Sayansi ya ku sekondale ija," akutero. "Upala mpaka liti? Diresi liyera ndi mpeni?"

"Asisi, ndikufunafuna chimene chikufuka."

"Chikufuka ndi mtima wako."

Ndinameza mawu chifukwa cha denga limene ndikugona pansi pake.

Loweruka ndinagula chingwe chatsopano kwa Mmwenye wa mumsewu waukulu, R18, ndi lita imodzi ya palafini m'botolo langa. Thanki inali itatsala pang'ono kuuma. Ndinaika chingwe, ndinathira, ndinadikira kuti chimwe bwino ndisanayatse, pakuti chouma chimapsa n'kuonongeka pomwepo. Amama, lawi linabwera la buluu ngati la gasi. Watipaso anagona osatsokomola. Ndinati asisi taonani, iye akuti, "Ndiye kuti ukafuna umatha." Mwamva? Ikafuka ndine, ikapanda kufuka ndinenso.

Koma mverani ichi. Palafini wanga atatha, alamu anadzaza thanki kuchokera m'chigubu chawo chimene chimakhala kuseri kwa chitseko. Sabata isanathe chingwe chatsopano chada, lawi layambanso kuvina. Ndikuchiyang'ana chigubucho.

Nsapato za Isabella ndapeza, zikakhala zazikulu aikemo thonje. Za mapepala anga okhalira m'dziko lino musafunse panopa.

Kezia

13 Julayi 2003

Amama,

Moni nonse pakhomopo. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ayi.

Ndachipeza. Lachinayi ndinatenga pepala loyera, mbali imodzi ndinadonthezapo palafini wina wogula ndekha, mbali ina za m'chigubu cha alamu, n'kuliika pazenera. Pofika madzulo dontho langa lauma, latsala kachizindikiro kosaoneka bwino. Linalo lili noninoni ngati pepala lokulungira mandasi. Ndinanunkhiza. Mukukumbukira fungo la pa chigayo cha a Amock? Ndi lomwelo. Dizilo.

Ndinadikira Lamulungu titabwera ku mapemphero, tonse tilipo, ndinaika pepala patebulo. Ndimayesa alamu akana. Anaseka.

"Ndiye chachilendo n'chiyani, mlamu? Ndimasakaniza theka ndi theka. Ku galaja tikamasula mathanki a malole amatsala wambiri, angotayika? Ku Nkhamanga tinakula tikuthira dizilo mu koloboyi palafini akasowa. Tinafa?"

"Koloboyi wa ku Nkhamanga amayaka m'nyumba ya udzu, alamu, utsi umatulukira m'denga. Muno ndi simenti, zenera munamata ndi nyuzipepala. Dizilo ndi wolemera, chingwe sichimukoka bwino, amapsa theka. Theka linalo ndi ili pa siling'i ndi m'mphuno mwa mwana wanu."

"Mafuta ndi mafuta," akutero, n'kutola chipewa kutuluka.

Ndinatembenukira kwa Rahab. Ndinati asisi mwamva nokha, tiyeni pa telefoni, ndilipira ndine, mukawauze ankhazi kuti sindinafukize diresi. Anasisita mwana, kenaka anati:

"Ukufuna ndikanene pa sitolo ya pa Bolero kuti mwamuna wanga amatola dizilo wotsala m'malole? Kumudzi amadziwa kuti ndi foromani."

Foromani. Amama, alamu amatsuka zitsulo ndi kukwawa pansi pa malole, ntchito yabwinobwino yosachititsa manyazi, koma kumudzi analemba kuti ali ndi ofesi. Ndiye kuti ofesi ya bodzayo isagwe, ine ndikhale mfiti ya nsanje. Ndinamuuza mawu ena amene sindilemba pano, chifukwa maso anu akatopa amakuwerengerani ndi Isabella. Iye anati amene sakukondwa ndi hita ya m'nyumba muno, chitseko ndi icho.

Chitsekocho ndachiona. Kalata yotsatira musalembepo adiresi ino, muwapatse a Hezron m'manja. Mwezi uno sindinatumize kanthu, mumvetse.

Kezia

27 Julayi 2003

Amama okondedwa,

Ndathokoza kumva kuti mwadzuka bwino. Ine ndili bwino tsopano. Komwe ndinagona sabata yoyamba ija tidzakambirana ndikadzabwera, kapena ayi. Panopa adona andipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi pogona galu, malipiro ake ndi Loweruka langa. Muli magetsi, mulibe utsi. Chifuwa chija chatha chokha, zindikirani pamenepo.

Mwalemba kuti ankhazi akuchotsani pa gulu la ophika pa ukwati, akuti mupumitse miyendo. Miyendo yanu anayamba liti kuidera nkhawa? Pa ukwati wa Rahab yemweyo munaima pa moto kuyambira m'mawa mpaka mpunga wotsiriza, palibe anaona miyendo. Akuopa kuti mayi wa wansanje athira chiyani mumphika?

Ndiye pansi pake mwalemba kuti ndikhululuke, magazi ndi amodzi. Amama, inu mumakhululuka msanga, n'chifukwa chake amakupondani pomwe anakupondani dzulo. Ine ndinatengera adada. Ndanena, ndipo a Hezron ndawatuma akafikitse: phazi langa silipondanso pakhomo pa Rahab kufikira atayimba foni pa sitolo yomweyo, ankhazi n'kubwereza mokweza momwemo chimene chinadetsa diresi. Sindikufuna mphatso, sindikufuna misozi. Foni basi.

Diresi ndamva analipereka kwa ochapa ndi makina, a Hezron abwera nalo ulendo uno. Mudzaliona loyera. Dzina langa silinapite nawo kochapako.

R150 iyi ndi ya mankhwala a miyendo, osati ya msonkhe wa ukwati. Mukapereka ndidzamva.

Kezia

10 Ogasiti 2003

Amama,

Moni. Ndikhulupirira mankhwala aja munagula. Ine ndilibe vuto.

Rahab anabwera. Lachisanu masana, pa geti la adona, galu akuuwa, iye ataima patali atabereka Watipaso. Waonda. Ndinatuluka ndi epuloni.

"Hita ija ikufukabe," akutero, moni osapereka.

"Ndiye ndikumaikweza ndili kuno?"

"Bambo ake a Watipaso asiya kusakaniza. Tathira palafini weniweni koma ikufuka kuposa kale. Ndayesa kupala ngati muja unkachitira, chingwe chalowa m'kati, sichikukweranso bwino. Ubwere udzaione."

Ndinadziwa chavuta. Chingwe chikamwa dizilo chatha ntchito, ndipo wotsalira pansi pa thanki amaipitsa palafini aliyense wothiridwa pamwamba pake. Koma sindinamuuze. Ndinafunsa za foni.

"Ukwati ukatha ndidzayimba. Panopa amama ali ndi zambiri m'mutu."

"Ndiye ukwati ukatha ndidzabwera."

"Kezia, kukuzizira."

"Ku Bolero nakonso kukuzizira, asisi. Amama anga akukhala okha pa benchi."

Anatembenuka kuti azipita. Potembenukapo ndinaona nkhope ya mwana kumsana. Anali m'tulo kukamwa kuli yasa, akupuma ngati munthu wokwera zitunda za ku Nchenachena, m'mphepete mwa mphuno muli mwakuda. Rahab sanatchule za mwana, nanenso sindinafunse.

Ndinachita bwino. Ndikanagonja, foni ija sikanadzaimbidwa mpaka Yesu kubwera. Mwanayo ali ndi amake ndi abambo ake, ngati ali ndi nzeru azimitse hitayo amufunditse mabulangete. Si ine ndinathira dizilo. Ndalemba zimenezi kuti mudziwe kuti ndinachita bwino.

Dzulo ndawotcha malaya a abwana ndi simbi. Sindinayambe ndachitapo.

Kezia

17 Ogasiti 2003

Amama,

Makalata awiriwa afika limodzi chifukwa a Hezron achedwa kunyamuka. Muwerenge inayo kaye. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso.

Ndinapita. Musandiyamike.

Lachiwiri mayi wa ku Mzimba uja anandipeza pa geti, akuti Watipaso anagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa, atuluka Lachinayi, ndipo adokotala anena kuti asabwerere m'chipinda cha utsi, komanso asazizidwe. Hita ya magetsi njoletsedwa, ndalama ya hita ina foromani wathu alibe. Ndinakhala pa bedi langa ndi foni ija m'mutu. Ndinadziwa kuti ndikapita isanaimbidwe, ndataya ndodo yokhayo imene ndinali nayo.

Lachinayi m'mawa ndinagula chingwe ndi palafini, ndinakagogoda. Anatsegula ndi alamu, sanapite ku ntchito. Moni sindinawapatse. Ndinatulutsa hita pabwalo, ndinakhuthulira thanki yonse m'chitini, pansi pake panatuluka zamatope zakuda. Ndinatsukuluza ndi palafini woyera, kukhuthula, kutsukuluzanso. Ndinazula chingwe chakale, chomata ngati phula. Ndinaika chatsopano n'kuchisiya chimwe. Podikirapo ndinawapatsa alamu ndowa, sopo ndi chisanza, ndinawalozera siling'i. Anakwera pa mpando. Madzi amene anatsika pamenepo, Amama, mukanati tikutsuka matayala. Ndinang'amba nyuzipepala za pazenera, ndinawauza kuti hita ikamayaka zenera lizikhala ndi mpata wolowa zala, ndipo pogona izizimitsidwa. Chigubu chija ndinawasenzetsa akabweze komwe anachitenga.

Rahab anafika masana ndi mwana, anapeza lawi la buluu. Anayang'ana hita, anayang'ana siling'i, anayang'ana ine. Ndinadikira. Mulungu ndi mboni, ndinadikira.

"Yewo chomene," akutero, kungothokoza.

"Basi?"

"Ndikuphikire tiyi?"

Ndinamunyamula Watipaso pang'ono, wapepuka ngati nkhuku, anandigwira ndolo. Ndinamubweza kwa amake n'kutuluka. Tiyi sindinamwe.

M'kapulasitiki kali mu envelopu muno muli chidutswa cha chingwe chakalecho. Foni sidzaimbidwa, ndadziwa. Ndiye umboni wanga wonse ndi kachisanza konunkha aka. Chitani nako chimene mufuna, kaya kukolezera moto.

Phukusi la pepala la khaki ndi mphatso ya Monalisa. Ndi nsalu ya patebulo, yoyera mbee, yopanda duwa ngakhale limodzi. Mukaipereke nokha pa perekaniperekani, muitambasule anthu onse aione, ndipo wolengeza atchule dzina langa lonse.

Kezia

28 Seputembala 2003

Amama okondedwa,

Moni. Kuno kwayamba kufunda, mahita alowa pansi pa mabedi. Ine ndili bwino, ndipo ndakondwa kuti miyendo inakufikitsani ku ukwati ndi kukubwezani.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Ndiye munapita kwa ankhazi ukwati usanachitike, kachingwe kaja kali m'chikwama cha Baibulo, munakaika pa mphasa pamaso pawo. Inu amene mumandilalikira za kukhululuka. Ndipo ankhazi anakatola, ananunkhiza, anati "Dizilo," kenaka anayamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Mphuno yawo inazindikira msanga chifukwa koloboyi wawo amamwa zomwezo. Ndiye akudziwa. Akudziwa, koma azimayi a Umanyano sanawauze, ndipo sadzawauza, pakuti mkamwini wawo ayenera kukhalabe foromani.

Mwalemba kuti nsalu yanga munaitambasula, wolengeza anati "Kezia Luhanga wa ku Joni," ena anaomba m'manja, ena anayang'anizana. Mwalembanso kuti m'mawa mwake ankhazi anabwera okha, osatuma munthu, ndi mwendo wa mbuzi m'beseni, anakhala nanu pakhonde mpaka dzuwa kutentha, ndipo pa Umanyano wotsatira anadzakhala pa benchi lanu. Mukuti kwa abale a adada kumeneko ndiye kupepesa. Mwina. Kwa ine mwendo wa mbuzi ndi mwendo wa mbuzi. Koma munachita bwino kudya, ndipo ndakondwa kuti simukhalanso nokha pa benchi. Chimenecho ndicho chinkandiwawa, osati Arthur ndi makalata ake a m'buku la nyimbo.

Rahab ndimakumana naye ku mapemphero. Amandipatsa moni, ndimayankha. Watipaso wanenepa, wayamba kukwawa, akandiona amakweza manja. Ndimamunyamula, iye sanayimbire munthu foni. Amake anandifunsa ngati ndingabwerere kudzakhala nawo, lendi yawakulira. Ndinati chipinda cha pafupi ndi galu chandikwana.

Ndatumiza R300, feteleza mugule mvula isanayandikire. Isabella asayerekeze kulephera mayeso. Za Khirisimasi sindikulonjeza, mapepala aja sanatuluke.

Musandilemberenso za kukhululuka, tsiku lake likadzafika ndidzalidziwa ndekha. Kachingwe kaja musataye, kaikeni m'chitini momwe muli satifiketi yanga. Za Rahab ndi diresi la mng'ono wake ndalemba komaliza lero, ndipo pakamwa panga simudzazimvanso.

Ndine mwana wanu,
Kezia